Loweruka la mpunga wokazinga ndi nyama ya char siu

Chakudya chimene tadya masana ano chinayamba kukonzedwa dzulo madzulo, pamene ndinaphika makapu 3 a mpunga wa Kilombero umene alamu anatitengera pabasi kuchokera kumudzi. Madzi ndinachepetsako poyerekeza ndi mmene ndimathirira ndikamaphika mpunga wodyera nyemba, ndipo utangopsa ndinauyala pathireyi yaikulu, kuumwaza ndi foloko kuti nthunzi ituluke, kenako n'kuulowetsa mufiriji ola lisanathe, osavundikira. Changu chimenechi chili ndi chifukwa chake. Mumpunga wosaphika mumatha kukhala timbewu ta mabakiteriya otchedwa Bacillus cereus timene sitifa ndi madzi owira, ndipo mpunga wophikaphika ukagona pamalo ofunda, mabakiteriyawo amaswana n'kutulutsa poizoni amene ngakhale moto wa chiwaya sungamuthetse. Chifukwa chachiwiri ndi cha kakomedwe: mpunga wogona mufiriji umauma pamwamba ndi kulimba mkati, motero ukafika pamafuta otentha umayoyoka m'malo momatana.

Nyama ya nkhumba nayonso inagona mufiriji momwemo. Dzulo poweruka kuntchito ndinadzera ku Cyrildene, kuno ku Johannesburg, mumsewu wa Derrick, kumene anthu ochokera ku China anayamba kutsegula masitolo ndi malo odyera m'zaka za m'ma 1990, pamene dera lawo lakale la mumsewu wa Commissioner, pakati pa Johannesburg, linkazilala. Kumeneko char siu, amene ndi nyama ya nkhumba yowotcha yotsekemera ya Chitchaina, amamupachika pazingowe kuseri kwa galasi pamodzi ndi abakha owotcha, monga amachitira ku Hong Kong ndi ku Guangzhou, kumene munthu amangoloza chidutswa chimene wachikonda, wogulitsa n'kuchiduladula ndi chimpeni chachikulu n'kuchisanja pamwamba pa mpunga woyera. Ndikanatha kugula yowotchawotcha n'kupeputsa ntchito, koma nyama imene yapachikika kuyambira m'mawa imakhala itauma m'mbali pofika madzulo, ndipo ina amaichulutsira utoto wofiira mpaka umatsalira m'zala. Choncho ndinagula kilogalamu 1 ya nyama yaiwisi ya paphewa, chakufupi ndi khosi, pamene mafuta amalowerera m'kati mwa mnofu m'timizere ting'onoting'ono. Ya pamsana ilibe mafuta okwanira ndipo imatuluka mu uvuni ili gwa, pamene ya pamimba ndi yonona mopitirira kwa chakudya chimene chikakazingidwanso m'mafuta.

Nditafika kunyumba ndinaidula m'litali, zidutswa za masentimita pafupifupi 5 m'lifupi, chifukwa ubwino wa nyama imeneyi uli kunja kwake, ndipo chidutswa chikachepa m'mimba mwake malo ogwira zokometsera amachuluka. M'mbale yakuya ndinasakaniza masupuni 3 a hoisin (sosi wolimba ndi wotsekemera wa Chitchaina), masupuni 2 a sosi wa soya wopepuka amene amapereka mchere, supuni 1 ya wakuda amene ntchito yake yaikulu ndi mtundu, masupuni 2 a uchi, masupuni 2 a vinyo wa mpunga wa ku Shaoxing, adyo wosinja, ndi kasupuni kamodzi ka ufa wa zokometsera zisanu. Mu ufa umenewu muli star anise, ma clove, sinamoni, tsabola wa ku Sichuan ndi njere za fennel, ndipo sufuna dzanja lolemera, pakuti ukachuluka nyama imanunkha ngati mankhwala. Pomaliza ndinanyenya tizidutswa 2 ta nam yu, amene ndi tofu wosungidwa mumchere, vinyo ndi mpunga wofiira wa yisiti mpaka kufeweratu. Ameneyu ndiye amapereka kufiira kwenikweni, kofiira moderako, pamodzi ndi kafungo kosasa kamene anthu ambiri satha kukatchula koma amakasowa kakapanda kukhalapo. Botolo la hoisin linali la Lee Kum Kee, kampani imene inayamba mu 1888 m'chigawo cha Guangdong ndi sosi wa oyster, ndipo ndi dera lomwelo kumene kaphikidwe ka nyamayi kanachokera. Ndinapatula masupuni angapo a msanganizowo nyama isanalowemo, kuti ndidzapakire powotcha.

Lero m'mawa, nditatha kuchapa, ndinatulutsa nyama kuti kuzizira kuchoke, n'kutenthetsa uvuni kufika pa madigiri 200. Zidutswazo ndinaziyala pawaya, pansi pake n'kuika thireyi ya madzi, chifukwa madontho a uchi ndi mafuta akagwera pachitsulo chouma amapserera n'kudzaza utsi m'nyumba monse. Zinakhala mphindi 20 mbali imodzi ndi 15 mbali inayo. Kenako ndinasakaniza zokometsera zopatula zija ndi uchi wina, kupaka, kukweza moto kufika pa 230, ndi kubwereza kupakako kawiri motalikitsa mphindi zochepa. Ophika a ku Hong Kong amakonda maltose, manyuchi olimba kwambiri opangidwa ndi chimera, chifukwa amawala kuposa uchi ndipo satsekemera mopyoza, koma amavuta kuwatapa m'botolo ngati sunayambe wawatenthetsa, ndipo ine ndimaona kuti pakhomo uchi ukukwanira. Nthawi yopaka imeneyi si yochoka pakhomo la uvuni, pakuti pakati pa kuwauka bwino ndi kupserera pali mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Timakona takuda pang'ono n'tofunika ndithu, ndipo nditi timene ana amalimbirana. Kachipangizo koyezera kutentha kanasonyeza madigiri 70 pakati pa chidutswa chachikulu, kupitirira 63 amene akuluakulu a zaulimi ku America amati ndi okwanira pa nyama ya nkhumba yosagaya, ndipo nyama ya paphewa siidandaula ikapitirirako pang'ono chifukwa mafuta ake amaiteteza.

Alamu anafika nyama ikupuma pathabwa. Anaiyang'ana kwa kanthawi, manja ali kumbuyo, kenako anafunsa kuti, "Alamu, kodi nkhumbayi mwaipaka penti?" Nditawadulira kachidutswa anatafuna mofatsa, nsidze zitakwera, n'kunena kuti akanakhala kuti sanaone botolo la uchi patebulo akanaganiza kuti ndasokoneza chitini cha mchere ndi cha shuga. Bambo a kunyumba kuno anawauza kuti adikire kaye mpunga asanaweruze mlandu. Ndikumvetsa kudabwa kwawo, chifukwa ife tinazolowera kuti nkhumba imafuna mchere ndi tsabola basi, ndipo nanenso ndimaona kuti char siu yekha, wopanda chotsagana nacho, amakola msanga. Kutsekemera kwake kumapeza malo ake akadulidwa timabokosi ting'onoting'ono n'kumwazikana mumpunga wamchere, moti umakumana nako apa ndi apo osati pa supuni iliyonse.

Kukazinga kwenikweniko kumatenga nthawi yochepa kwambiri moti chilichonse chiyenera kukhala chodulidwa ndiponso chili pafupi moto usanayatsidwe. Ndinadula theka la nyama ija, kumenya mazira 4 ndi kamchere pang'ono, kuwiritsako nsawawa ndi karoti wodula bwino, ndi kulekanitsa anyezi wamasamba, koyera pakokha ndi kobiriwira pakokha. Mpunga ndinaufikisa ndi zala zonyowa mpaka mibulu yonse itaphwanyika, chifukwa m'bulu umene walowa m'chiwaya uli wathunthu umatulukanso wathunthu, woyera ndi wozizira pakati.

Ndinagawa zonse pawiri. Pa mfundo imeneyi sindigonja, ngakhale anthu akhale ndi njala yotani. M'malo odyera a Chitchaina moto wake ndi waukali kwambiri, malawi amakwera m'mbali mwa wok, chiwaya chawo chakuya chozungulira pansi, n'kuyatsa timadontho ta mafuta pamene wophika akuponya mpunga m'mwamba, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera kafungo ka utsi kamene iwo amati wok hei. Chitofu cha gasi cha pakhomo sichingafikeko, ndipo ukachiunjikira mpunga wa anthu asanu nthawi imodzi chitsulo chimazizira, chinyezi chimatuluka, ndipo chimene umapeza ndi mpunga wofutsa m'mafuta. Ndinatenthetsa wok mpaka utsi wochepa utayamba kuoneka, kuthira mafuta ndi kuwazunguliza m'mbali, kenako mazira, amene anafufuma nthawi yomweyo ndipo ndinawachotsa akadali ofewa. Nyama inalowa yachiwiri pamodzi ndi koyera kwa anyezi, kuti mafuta ake asungunuke ndi kupaka chitsulo, ndipo pamwamba pake panabwera mpunga. Ndinauyala ndi chipande, kuusiya masekondi angapo osaugwira, kuutembenuza, n'kuuyalanso. Khutu limathandiza kuposa diso pamenepa, chifukwa poyamba mpunga umalira mwachinyezi, koma ukauma umayamba kuthetheka, ndipo timbewu tina timadumpha tokha m'mbali mwa wok. Apo ndipo ndinathira sosi wa soya, supuni imodzi yokha, mozunguliza m'mphepete mwa chitsulo osati pakati pa mpunga, kuti awire ndi kununkhira asanafike pansi. Mazira, nsawawa, karoti ndi kobiriwira kwa anyezi zinabwera pomaliza pamodzi ndi tsabola woyera. Ndikanawonjezera ma shrimp, tinkhanu tating'ono ta m'nyanja, mbale imeneyi ikanafanana ndi imene malo odyera a anthu a ku Guangdong amaitcha mpunga wa ku Yangzhou, dzina la mzinda wa m'chigawo cha Jiangsu, koma mtengo wake sabata ino sunandilole.

Kilombero wachita bwino kuposa mmene ena amanenera. Anthu ambiri amalimbikira mpunga wa jasmine wa ku Thailand, koma wathu wa ku Karongayu nayenso ndi wautali ndiponso wonunkhira, ndipo fungo lake silinabisike ndi soya. Chimene amafuna ndi kumuchepetsera madzi basi, popeza ndi wofewa mwachibadwa.

Patebulo alamu anayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa kumene kuli msuzi. Ndinawauza kuti mpunga umenewu ndiwo zake zili m'kati momwemo, ndipo kuuthira msuzi wa tomato n'kubweza chinyezi chonse chimene ndakhala ndikuchithamangitsa kuyambira dzulo. Tinagwirizana pa tsabola wa kambuzi, amene ndikuvomereza kuti amayenda bwino ndi kutsekemera kwa nyamayi. Nditawafotokozera kuti ku China chakudyachi chinayamba ngati njira yosatayira mpunga ndi nyama zotsala, anaseka n'kunena kuti ndiye kuti awaitanira mkute, koma mbale yachiwiri sanaikane.

Asananyamuke anapempha kuti ndiwalembere kapangidwe ka nyamayo kuti akayese akabwerera kumudzi, kumene kulibe uvuni. Ndinawauza kuti mbaula ndi yoyenera kwambiri, chifukwa kale nyamayi inkawambidwa pamoto itabayidwa pa mafoloko ataliatali, ndipo makala adzawapatsa utsi umene uvuni wanga sungapereke. Ndawalembera kuti makala awakankhire mbali imodzi, nyama ikhale mbali yopanda makala mpaka itapsa mkati, ndipo uchi apake kumapeto kwenikweni akamaisendeza pamoto. Hoisin ndi nam yu akavuta kupeza, soya, uchi, adyo ndi paketi ya zokometsera zisanu imene ndawapatsa ziwafikitsa pafupi, kungoti nyamayo idzatuluka yoderako osati yofiira. Theka lotsala la char siu ndalikulunga osadula kuti lisaume, ndipo mawa tikachokera kutchalitchi lilowa mu supu wa ma noodle pamodzi ndi tchainizi amene watsala mufiriji.