Nyumba ya bambo anga ikusowa wogula

Anthu akamva kuti ndikugulitsa nyumba yam'mphepete mwa nyanja yamchere, amaganiza kuti ogula akukanganirana pakhomo. Zoona zake n'zakuti chikwangwani chinakhomedwa chaka chatha, zilembo zake zayamba kufufutika ndi dzuwa, ndipo obwera kudzaona m'katimo ndi owerengeka. Nyumbayi inali ya malemu bambo anga. Ana awo tonse timagwira ntchito kutali, palibe woti n'kukhalamo, ndiye abale anga anandisenzetsa ine udindo woigulitsa. Ili kumudzi, kumapeto kwa msewu wopapatiza, kutali ndi chipatala chachikulu. Ili ndi zipinda zogona zitatu, khonde loyang'ana kunyanja ndi makoma olimba, omangidwa ndi munthu amene ankadziwa kuti adzakalambira momwemo.

Aliyense amandiuza chimodzimodzi: tsitsani mtengo. Ndinatsitsa ndithu, koma foni sinalire kuposa kale. M'tauni, ukatsitsa mtengo umapeza anthu amene anali akudikira kale ndi ndalama zocheperako. Kumudzi kwa m'mphepete mwa nyanja odikirawo kulibe, ndiye kutsitsako kuli ngati kusintha nyambo padziwe lopanda nsomba. Anthu akumeneko ndi asodzi, alimi, ndi ogwira ntchito m'malo ogona alendo, ndipo ndalama zawo zimabwera mwanyengo. Banki imafuna umboni wa malipiro a mwezi ndi mwezi, umene iwo alibe ngakhale ali anthu akhama. Achinyamata anapita kumizinda. Otsala ndi akunja kwa deralo: opuma pantchito, ndi ofuna nyumba yachiwiri yokapumulirako patchuthi. Amenewa palibe chowathamangitsa. Akhoza kubwera, kuyamikira khonde, kujambula zithunzi, n'kupita kukaganiza chaka chathunthu. Ambiri ayeneranso kuyamba agulitsa kaye nyumba yawo.

Chimene chimasokoneza mitu ya ife ogulitsa ndi zomwe zinachitika mu 2020 ndi 2021. Mliri wa COVID-19 utafika, anthu ambiri a m'mizinda anayamba kugwirira ntchito pa intaneti, ndipo m'mayiko ambiri nyumba zakumudzi ndi zakunyanja zinagulidwa mothamangirana. Ngongole zinalinso zotsika mtengo. Kuyambira 2022 mabanki aakulu anakweza chiwongoladzanja pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Ku America chinachoka pafupi ndi ziro n'kupitirira 5 peresenti pofika mu July 2023, ndipo ku Britain chinafika 5.25 peresenti mwezi wotsatira. Pangongole ya zaka 30, chiwongoladzanja chikachoka pa 3 kufika pa 6 peresenti, ndalama yobweza mwezi uliwonse imakwera ndi kupitirira 40 peresenti. Munthu amene angathe kukhala popanda nyumba yachiwiri ndiye woyamba kubwerera m'mbuyo. Komabe achimwene anga akadali kukumbukira mtengo umene aneba anagulitsira yawo nthawi imeneyo, ndipo amandifunsa chifukwa chake ife tilandire zochepa.

Panali banja limodzi limene linandipatsa chiyembekezo. Anali ndi ana aang'ono, amafuna kukhazikika komweko, ndipo tinagwirizana mtengo popanda kukokanakokana. Kenako banki yawo inatumiza katswiri wowerengera mtengo wa nyumba. Ntchito yake amaigwira poyerekeza ndi nyumba zofanana zimene zagulidwa posachedwa pafupi, koma kumalo kumene nyumba zimagulidwa mwa apo ndi apo, zoyerekezerazo zimasowa. Anakatenga zakutali, zina zosaona n'komwe nyanja, ndipo mtengo wake unatsika kuposa umene tinapangana. Banki imabwereketsa potengera mtengo wa katswiri wakeyo, ndipo kusiyanako wogula amalipira kuchokera m'thumba mwake. Mayi wa banjalo anandiimbira yekha. "Mayi, mutikhululukire," anatero. "Mtima wathu unali pamenepo, koma ndalama yoonjezerayo tilibe." Ndinamva chisoni chifukwa cha iwo ndi cha nyumbayo, pakuti ndi anthu otere amene bambo akanakonda kuwaona pakhondepo.

Ndiye palinso nkhani ya nyanja yeniyeniyo. Imakopa wogula kuti abwere, ndipo ndi yomwenso imamuopseza akafika. Funso silisowa: "Kodi madzi anafikapo pakhomo?" Mantha awo ndi omveka. Lipoti la mu 2021 la IPCC, bungwe la United Nations lofufuza za kusintha kwa nyengo, linati madzi a m'nyanja zamchere anakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndipo akukwera mofulumira kuposa kale. Ine ndemwe ndikuona kuti gombe lakokoloka, lasendera pafupi kusiyana ndi pamene ndinali mwana. Madzi sanalowepo m'nyumbamo, koma mphepo yamkuntho ina inagwetsa mpanda wa aneba a kumunsi kwathu. Ejenti wina wogulitsa nyumba anandilangiza kuti za mpandazo ndisamazitchule pokhapokha wina atafunsa. Ndinakana. Wogula akazimva kwa ena, kapena kwa a inshulansi, amathawa ndipo amauzanso anzake. Kupatula apo, sindingagone tulo nditabisira munthu chinthu chokhudza malo amene ana ake azigonamo.

M'malo mwake ndasonkhanitsa mapepala onse mufayilo imodzi: zikalata za umwini, mapu a malire, mapu a boma oonetsa madera osefukira madzi, lipoti la mmisiri amene anakwera padenga, ndi kalata ya kampani ya inshulansi yovomera kuteteza nyumbayo pamodzi ndi mtengo wake. Kalata yomalizayi ndi yofunika kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa popanda inshulansi banki sipereka ngongole. Ndaona kuti munthu akagwira fayiloyi m'manja, mafunso ake amasintha. Amasiya kufunsa za mafunde, n'kuyamba kufunsa ngati intaneti imagwira bwino ndiponso kuti basi imadutsa nthawi yanji.

Pakadali pano kudikira kukudya ndalama zathu. Mphepo yamchere siipatsa nyumba mpumulo. Maloko amauma, mahinjesi ndi misomali ya padenga imachita dzimbiri, penti imasupuka kumbali yoyang'ana kunyanja. Mawindo akakhala otseka nthawi yaitali, chinyezi chimabweretsa nguwi m'makabati, ndipo wobwera kudzaona amamva fungolo asanaone chilichonse. Msonkho wa malo suima, wotchetcha udzu amafuna zake, ndipo makampani ambiri a inshulansi amachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 kapena 60. Nditaphatikiza zonsezi za chaka chimodzi n'kuwaonetsa achimwene, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Achemwali, bwanji tingoigulitsa pa okushoni tithane nazo?" Ndikumvetsa kutopa kwawo, nanenso ndatopa. Koma okushoni imayenda bwino pamene pali anthu angapo olimbirana, ndipo ife tikusowa ngakhale mmodzi. Tingangoipereka kwa wina wodzaigula motchipa kuti aziitseka miyezi khumi pachaka.

Tagwirizana kuichita lendi kwa chaka chimodzi. Pali namwino amene wasamutsidwira kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo wavomera kuti ofuna kugula azibwera kudzaona tikamuuziratu. Ndalama ya lendiyo ikwanira msonkho, inshulansi ndi kukonza denga, ndipo mawindo azitsegulidwa tsiku lililonse. Chikwangwani ndichichotsa nyengo yamphepo, pamene alendo safika, kuti nyumbayo isaoneke ngati yokanidwa ndi aliyense. Nyengo yatchuthi ikamayandikira ndidzajambulitsa zithunzi zatsopano, ndipo banja lija ndalilonjeza kuti ndidzayamba kuliimbira ilo ndisanailengezenso.