Kodi tsiku la telala limathera pati?

Mwezi wa Ogasiti ukafika, matelala a ku Chinamwali, ku Matawale ndi mumsika waukulu wa Zomba sitiona tulo. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndipo kholo lililonse limafuna yunifolomu ya mwana wake ithe tsiku lomwelo. Ndi nthawi imeneyi pamene anzanga eni mashopu amayamba kudandaula kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi. Ine mawu amenewa amandipweteka. Ndasoka ndi anyamata ndi atsikana ambiri, ndipo aulesi enieni ndaona ochepa. Chimene chimadya tsiku ndi mmene ife eni ake tayalira ntchito.

Khalani pakhonde la shopu iliyonse muonetsetse telala mmodzi akusoka shati kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ayala nsalu, ayeza, alemba ndi choko, kenako ayamba kufunafuna sizasi imene mnzake watenga. Wadula, wakhala pa makina, apeza kuti bobini, mokulungamo ulusi wapansi, ili ndi ulusi wakuda pomwe shatiyo ndi yoyera. Asintha ulusi. Pofika pa kolala, simbi yazizira, makala atha. Ndiye mumva, "Mayi, mabatani atha," ndipo munthu wodziwa kusoka akwera kabaza kupita kutauni kukagula mabatani a shati imodzi. Munthuyu watopa zenizeni, thukuta lili kamukamu, koma makina aima pafupifupi theka la tsiku.

Kwathu timagwira mosiyana. Tili ndi makatoni odulidwa kale a saizi iliyonse, opachikidwa pamsomali. Nsalu timaisanjikiza kangapo patebulo, kuika katoni pamwamba, n'kudula zonse pakamodzi. Amene amadula ndi bambo wina wachikulire, dzanja lake silinjenjemera, ndipo tizidutswa totsala amatisunga kuti tikhale matumba. Wina amalumikiza mbali ndi manja okhaokha, wina makolala, wina mabowo ndi mabatani, womaliza kusita ndi kupinda. Sukulu imodzi timaithera limodzi, ulusi wa mtundu umodzi uli pamakina onse, tisanayambe ina. Ovaloko, kusoka m'mphepete mwa nsalu kuti isasomoke, ndi ntchito zina zofuna magetsi timathamanga nazo magetsi akakhalapo. Akazima, makina opalasa ndi mapazi amapitiriza, palibe wokhala manja lende.

Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira zachuma pa yunivesite ku Chirunga, anandiuza kuti nzeru imeneyi ndi yakale. Henry Ford atayala ntchito yopanga magalimoto pamzere mu 1913 ku America, galimoto imene inkatenga maola oposa 12 inayamba kutha pa ola limodzi ndi theka. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chaka chotsatira, mu 1914, anakweza malipiro kufika madola 5 patsiku, chifukwa anthu ankathawa ntchito yobwerezabwereza ija.

Apa mpamene ndikufuna anzanga amve. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpukutu wa nsalu ku Limbe unakwera, ulusi ndi zipi chimodzimodzi. Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Mtengo wa yunifolomu sungaukweze mmene ukufunira, chifukwa mayi wa ku Jali amene wagulitsa nandolo kuti aveke ana atatu atembenuka n'kupita pa kaunjika. Njira yotsala ndi yoti manja omwewo, pa maola omwewo, atulutse zovala zambiri. Koma zovala zikachuluka, phindu lonse n'kulowa m'thumba la mwini shopu, anyamata amaona. Sanena kanthu, amangochoka mwakachetechete mkati mwa Ogasiti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene asenza nawe denga ayenera kudya nawe.

Kulipira munthu pa chovala chilichonse chimene wasoka sindikukonda. Amathamanga, msoko umakhota, kholo limabweza diresi, ndiye timasomola n'kusokanso, ntchito imodzi kawiri. Ine ndimawerengera gulu lonse: oda ikatha bwino popanda chobwezedwa, onse amalandira kapamwamba. Ndiye wa makolala akaona mbali yokhota amaibweza yekha kwa mnzake, "Achimwene, konzani apa," isanafike kwa ine.

Vuto la kugawana ntchito motere ndimalidziwa. Mtsikana amene amangosoka mabatani chaka chonse sadzakhala telala, ndipo makolo ake anamubweretsa kuti aphunzire luso, tsiku lina adzatsegule pake. Choncho miyezi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, maoda akachepa, mzere uja timauphwasula. Aliyense amatenga chitenje kapena nsalu yotsala, kuyeza kasitomala yekha, kudula yekha, kusoka mpaka kusita, bambo aja ataima pambali pake ndi choko m'manja. Amene waonetsa dzanja labwino pa kudula, Ogasiti wotsatira amaima nawo patebulo.