Nkhope ndi ya kampani, mawu ndi anga

Zonse zinayambira pa fomu ya pa intaneti. Kampani imene ndinafunsirako ntchito ya u-VTuber ndi yaing'ono, si zimphona za ku Japan monga Cover, mwini wa gulu la ma VTuber la hololive, kapena Anycolor, mwini wa gulu la Nijisanji, koma kachitidwe kake anatengera komweko. Kwa amene simunamvepo za VTuber, ndi munthu amene amaulutsa pa YouTube kapena Twitch atabisala kuseri kwa chithunzi cha katuni. Ukaphethira, nachonso chimaphethira. Kizuna AI ndi amene anatchukitsa ntchitoyi kuyambira mu 2016.

Fomuyo inkafuna munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, wotha kuulutsa katatu pa sabata kwa chaka chathunthu osajomba. Ndinatumizanso kanema wa mphindi zisanu. Ndinaujambula kasanu ndi kawiri chifukwa ndinkamveka ngati wowerenga nkhani pa wailesi, pamene iwo amafuna munthu wolongolola, woti angadziseketse yekha m'chipinda mulibe aliyense.

Patadutsa milungu ingapo anandiitana pa Discord, pulogalamu yochezerana pa intaneti. Mafunso oyamba anali a zipangizo: kompyuta yanji, intaneti yothamanga bwanji, nanga magetsi akazima mumatani. Tsiku lina anandipatsa gemu yoti ndisewere uku ndikulankhula, mamanejala awiri ali duu, osaseka ngakhale pang'ono. Mpaka lero sindinakumanepo ndi chinthu chozizira ngati chimenecho.

Ndisanaone n'komwe nkhope ya amene ndidzakhale, ndinasaina pepala losunga chinsinsi. Kenako kunabwera mgwirizano weniweni, ndipo apa ndinakhalapo masiku atatu. Dzina, chithunzi ndi tchanelo, zonse ndi za kampani. Iwo ndiwo analipira wojambula komanso katswiri wa Live2D amene amachititsa kuti chithunzicho chiziyenda, ndiye sindinganene kuti akuba. Koma tanthauzo lake ndi lakuti tsiku lochoka umachoka wekha, ngati mlendo wobweza zovala zobwereka. Kuchokako amakutcha graduation, ngati kuti wamaliza sukulu. Gawr Gura, VTuber yemwe anali ndi omutsatira oposa 4 miliyoni, atachoka ku hololive mu May 2025, dzinalo linatsala komweko. Ndinadzifunsa kuti nanga ine ndine yani.

Ndalama zake zimayenda motere: owonera akatumiza Super Chat, uthenga wolipira umene amaulemba iwe uli kuulutsa, YouTube imatengapo 30 pa 100 iliyonse, zotsalazo n'kugawana ndi kampani. Za kagawidweko sindiloledwa kunena.

Ndinasaina. Anandipatsa manejala, ndipo iyeyu ndiye kampani imene ndimaidziwa tsiku ndi tsiku. Lamlungu lililonse ndimamutumizira ndandanda ya sabata. Sindingangodzuka n'kusewera gemu imene ndaifuna, pokhapokha ikhale pa mndandanda wa zimene eni ake anavomereza. Poyamba zinkandinyansa, mpaka anandikumbutsa za 2020, pamene hololive inabisa mavidiyo ambirimbiri chifukwa cha zilolezo za magemu. Nyimbo nazonso n'chimodzimodzi, ndipo kuulutsa limodzi ndi VTuber wa kampani ina kumayamba kwadutsa mwa iye.

Usiku woyamba kuulutsa, mayi anandiimbira kutatsala mphindi khumi. Anafunsa kuti ntchito yatsopanoyo ndi yotani. Ndinawauza kuti ndi ya pa kompyuta, ndinadula foni, n'kuyatsa kamera.