Njuchi za m'bokosi la pansi pa TV

Kompyuta yakale imene achimwene anandisiyira ndinaiika pansi pa TV kuti tizionerapo makanema ndi mpira. Masana palibe ankadandaula. Koma usiku, anthu a mu kanema akayamba kunong'onezana, chimene chinkamveka ndi kulira kwa fani. Tsiku lina agogo anafunsa kuti, "Iwe, m'bokosimo mwalowa njuchi kodi?"

Ine ndinkaloza chala fani ya pa purosesa, ubongo wa kompyuta. Nditatsegula bokosi n'kutchera khutu bwino, ndinapeza kuti phokoso likuchokera kumbuyo, mu power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma a mavoti 230 n'kuwatsitsa kukhala 12, 5 ndi 3.3. Ndinafuna kukatsegula kuti ndisinthe fani yokhayo, koma aphunzitsi athu anandiletsa. Anati makapasita, tizipangizo tosunga magetsi ta m'katimo, amasunga moto ngakhale pulagi utazula, ndipo angakuvulaze.

Ndiye mwezi wonsewu ndakhala ndikuwerenga za timabokosi timeneti, ndipo nkhani yake yagona pa kutentha. Power supply sipereka magetsi onse amene yakoka. Ena amasanduka kutentha, ndipo fani ntchito yake ndi kutulutsa kutenthako. Ndinachita masamu m'kope. Tiyerekeze kuti kompyuta ikudya mawati 60 poonetsa kanema. Power supply yopereka 80 pa 100 ikoka mawati 75 pakhoma, ndipo 15 atsala m'bokosi ngati kutentha. Yopereka 90 pa 100 ikoka pafupifupi 67, otsala ndi 7 okha. Kutentha kwatsika ndi theka, fani nayo izungulira mwaulesi. Apa m'pamene ndinamvetsa chizindikiro cha 80 PLUS, chosonyeza kuti power supply imapereka osachepera 80 pa 100 ya magetsi amene yakoka, chimene chinayamba mu 2004, ndi magawo ake a Bronze, Gold ndi ena okwererapo. Kale ndinkangochiona ngati chokongoletsa katoni.

Panalinso msampha wina umene ndikanagweramo. Mtima unkafuna ya mawati 750, poti chachikulu chimaoneka champhamvu. Koma Bronze ndi Gold amaziyesa zikusenza 20, 50 ndi 100 pa 100 ya katundu wake. Mawati 60 pa 750 ndi 8 pa 100 chabe, ndipo katundu akachepa chonchi power supply zambiri zimataya gawo lalikulupo la magetsi. Kuli ngati kubwereka thirakitala ya kumunda wa nzimbe kuti ikanyamule thumba limodzi la mapira.

Chimene chandiganizitsa kwambiri n'chakuti malangizo ambiri amalembedwa ndi anthu okhala m'zipinda zozizira bwino. Amayamikira power supply zopanda fani n'komwe, monga zina za kampani ya Seasonic, kapena zimene fani yake imaima kompyuta ikakhala kuti sikugwira ntchito yolemetsa. N'zabwinodi. Koma kuno ku Nchalo, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata ngakhale khoma limatentha mpaka usiku. Chopanda fani chimadalira mpweya wozizira wochizungulira. Mpweya umenewo tiutenga kuti? Ndinawerenganso kuti moyo wa kapasita umafupika pafupifupi ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana manambala ang'onoang'ono amene anthu sawawerenga: kodi makapasita ake ndi opirira madigiri 105 kapena 85, nanga mawati olembedwawo imawapereka pa kutentha kwa madigiri angati. Kwa ife a m'chigwa, manambala amenewa ndi ofunika kuposa mawu oti "yachete" a pakatoni.

Za fani n'zosavuta. Yaikulu ya mamilimita 120 imakankha mpweya wofanana ndi wa kakang'ono ka 80 koma ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo kulira kwake kumakhala kwapansi, kosaboola m'khutu. Yanga yakale inali ya 80, itamatidwanso ndi fumbi la nyengo ya chilimwe.

Kwa amene amayendera sola, pali kenanso. Inveta zotchipa zosatulutsa magetsi osalala zimachititsa power supply zina kulira kapena kuzima mwadzidzidzi. Kwa msuweni wanga ku Bangula tinataya tsiku lonse tikunamizira kompyuta, chonsecho vuto linali inveta.

Ndinasankha ya Gold, ya mawati 450 chifukwa yocheperapo sinapezeke, yokhala ndi fani ya 120 yozungulira nthawi zonse koma mofatsa. Inabwera kuchokera ku Blantyre pa minibasi, itakulungidwa m'chitenje. Bokosi la kompyuta ndalichotsanso m'kabati n'kuliika poyera, patali pang'ono ndi khoma, ndipo ndimalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Dzulo tinaonera kanema mpaka 10 koloko usiku. Agogo anagona pampando kanemayo asanafike pakati, ndipo phokoso limene linatsala m'chipindamo linali mkonono wawo.