Chiswe chadya zaka 6 za mphunzitsi

Lachitatu sabata yathayi kuno kuarikivo, kumene timasunga mapepala a antchito, kunabwera bambo wachikulire, mphunzitsi amene anayamba kugwira choko mu 1986, kudzafunsa kuti contagem de tempo yawo, kuwerengera zaka zimene agwira ntchito, yafika pati. Purosesu yawo, fayilo ya mapepala awo apantchito, inapezeka, koma yopyapyala. Pepala loyamba m'menemo linali la 1992. Kalata yowalembera ntchito, termo de início de funções (pepala lotsimikiza tsiku loyambira ntchito) ndi makalata owasamutsira kusukulu zina, zonse munalibe. Kwa amene amawerengera penshoni, zaka zopanda pepala ndi zaka zosagwiridwa ntchito.

Yankho limene ambiri amathamangira kuno ku Tete ndi nkhondo. N'zoona, mapepala ambiri anapsa anthu akuthawira ku Malawi, mpaka pangano la mtendere la ku Roma la 1992. Koma awa sanapse. Dzina la bamboyu ndi la mtundu uja wolembedwa pawiri, monga Kamwendo ndi Camuendo, kapena Mbewe ndi Mbeue. Kalaliki wina kalekale anatsegula purosesu pa chilembo C potsatira kalembedwe ka Chipwitikizi, wina n'kudzatsegula yachiwiri pa K potsatira mmene mwiniwake amasainira. Palibe anasiya kakhadi kolozera kuchokera uku kupita uko. Dzina liyenera kutengedwa pa BI, chitupa cha munthuyo, ndipo kalembedwe kena kalikonse kayenera kukhala ndi khadi lake lonena kumene purosesu yeniyeni ili. Ndi ntchito ya mphindi 2.

Purosesu yakaleyo inapezeka Lachinayi m'chipinda chosungira, m'katoni yapansi penipeni, pasimenti, yotsamira khoma. Chiswe chinali chitamanga njira yake yadothi kuchokera pamng'alu wapakona n'kulowera pansi pa katoniyo. Kunja kumaoneka bwinobwino, koma mkati munali dothi ndi zidutswa. Mwa mapepala 23, owerengeka anatsala 9, ndipo pa kalata yowalembera ntchito panadyeka pomwe panali deti ndi karimbo (chidindo).

Apa ndi pamene pakundipweteka mtima. Malamulo alipo. Sistema Nacional de Arquivos do Estado, dongosolo la boma losungira mapepala, inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo inakonzedwanso mu 2018, ili ndi ndondomeko yosanjira ndiponso tabela de temporalidade yonena kuti pepala lililonse likhale nthawi yaitali bwanji. Koma pepala silitayidwa komiti younika mapepala isanakhale pansi, ndipo yathu papita nthawi isakukumana. Mapeto ake zoitanira kumisonkhano zakalekale zadzaza mashelefu, pamene mapurosesu a anthu amoyo agona pansi. M'chipinda chomwecho aunjikamo mipando yothyoka ndi matayala. Pempho la mashelefu achitsulo lalembedwa katatu, yankho lake ndi limodzimodzi: "Achimwene, chaka chino ndalama kulibe." Ngakhale popanda ndalama, matabwa oika panjerwa akanakweza makatoni masentimita 15 kuchoka pansi, n'kuwatalikitsa kukhoma kuti tsache lizidutsa ndipo njira ya chiswe izioneka isanakule.

Choipanso n'chakuti kuarikivo amatumizako munthu amene wasemphana ndi ashefi, ngati chilango. Munthu wotero samuphunzitsa kuchotsa mapini achitsulo asanachite dzimbiri, kulemba nambala pa tsamba lililonse ndi pensulo, kapena kuika khadi pamalo pamene pachoka purosesu yobwerekedwa.

Zotsala za mu purosesu ya aphunzitsi ija tinazipukuta ndi burashi youma, tsamba ndi tsamba. Zachinyezi tinaziyanika pamthunzi pakati pa mapepala oyera, chifukwa dzuwa limafufutsa inki ndi kuumitsa pepala mokhota. Selotepi ayi, guluu wake amadetsa pepala pakapita zaka.

Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, zaka zanu sizinatayike, koma tizisonkhanitsa kuchokera kwina." Tsopano afunika certidão de efectividade, kalata yotsimikiza kuti anagwiradi ntchito, yochokera m'mapepala amalipiro, komanso mabuku osainira a sukulu zimene anaphunzitsako, ngati akadalipo. Zimenezi ndi maulendo a chapa kupita mumzinda wa Tete ndi kubwerako, pa ndalama zawo, chifukwa cha cholakwa chimene sanachite iwo. Anangoti, "Mwana wanga, ndinaphunzitsa pansi pa mtengo zipolopolo zikulira," n'kupinda chipewa chawo m'manja.

Masiku enawo anali a nthawi zonse. Lolemba makalata olowa analembedwa m'buku n'kugawidwa. Lachiwiri magetsi anazima masana ndipo inki ya makina okopera inatha, choncho zopempha 5 zikudikirabe. Lachisanu tinachotsa pansi makatoni onse a m'munsi, 14, n'kupezamo ena 3 oyambidwa ndi chiswe. Panopa ali pamatebulo 2 obwereka, ndipo tayamba kufananitsa mayina a pa C ndi K, kenako tipita pa U ndi W.