Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chaka chimene ndinayamba kusuzumira m'zitsime za ku Kanyama

Gawo lathali ndinalekezera pamene ndinamaliza digiri yanga yoyamba ku UNISA, yunivesite ya ku South Africa yophunzitsa anthu ali kutali, ija ndimaphunzira ndili kuno ku Lusaka komweko uku ndikuphunzitsa Geography pa sekondale ina. Angapo mwakhala mukundifunsa kuti nanga honours yomwe ndimatchulatchula ija ndi chani, si masters imeneyo? Ayi si masters. Kuno kwathu digiri ya ku UNZA ndi zaka 4 nde ambiri sitiidziwa nkhaniyi, koma ku South Africa digiri yoyamba nthawi zambiri imakhala ya zaka 3, ukamaliza umapanga honours chaka chimodzi ngati uli full time, ife ogwira ntchito timaikoka mpaka ziwiri, kenako ndi pamene masters imakutsegukira. Pa makwerero awo a maphunziro otchedwa NQF honours ili pa level 8, masters pa 9. Ndipo salowa aliyense, mayunivesite ambiri kumeneko amafuna ukhale ndi 60% kapena kuposa pa phunziro lomwe ukufuna kupitiriza.

Ine maganizo opitiriza ndinalibe kwenikweni, ndalama zinali zitandithera komanso ndinali nditatopa ndi kuwerenga usiku. Chimene chinandikankha ndi kolera ija inayamba mu Okutobala 2017. Amene munali mu Lusaka mukukumbuka, Januwale 2018 masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yake, ogulitsa m'misewu anachotsedwa, asilikali ali mtauni kuyeretsa, odwala akuwatengera ku Heroes Stadium. Azakhali anga, mlongo wawo wa atate, amakhala ku Kanyama kuyambira kale ndipo ndi amene anandisunga nditangofika kuchokera ku Katete. Chitsime cha pa yadi pawo chinakwiriridwa nthawi imeneyo pamodzi ndi zina zambiri. Nde tsiku lina ndili mu minibasi kuchokera ku City Market bambo wina wovala bwino anayamba kulankhula mokweza kuti anthu a m'komboni ndi auve, akudzipha okha. Zinandiwawa kwambiri mpaka lero zimandiwawa. Azakhali amadzuka kusanache kusesa pabwalo, mapoto awo amakwecha ndi phulusa mpaka kuwala, madzi akumwa amavindikira ndi mbale ndiponso kansalu pamwamba. Uve wake uti? Ndinkadziwa mumtima kuti bamboyo akulakwa koma ndinalibe chomuyankha chogwirika, mphunzitsi wa Geography wathunthu, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipangitsa kulembetsa.

Yankho lake linali pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa dolomite ndi laimu, womwe uja azimayi amaphwanya ndi hamala m'mbali mwa msewu nkumagulitsa pa wilibala. Mwala umenewu madzi a mvula amausungunula pang'onopang'ono kwa zaka zankhaninkhani, nde mkati mwake muli ngati chulu cha chiswe, ming'alu ndi tinjira tolumikizana. Mu dothi wamba madzi amayenda mochedwa, dothi limasefa zoipa panjira. Mu ming'alu mulibe chosefa, madzi amangothamanga. Kuonjezera apo Kanyama ndi malo athyathyathya, dothi ndi lochepa, madzi apansi ali pafupi kwambiri moti mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale amakwera mpaka kukumana ndi dzenje la chimbudzi. Mwala womwewu ndi umene umapatsa mzinda gawo lalikulu la madzi ake kudzera m'ma borehole, ena ndi aja amapopedwa ku mtsinje wa Kafue. Lusaka atakhala likulu mu 1935 anamukonzera anthu ochepa, amene anabwera kudzafuna ntchito anamanga pomwe panapezeka malo, ndipo malo opezeka anali omwewa odikha madzi. Zonsezi zina ndinali nditaziwerengapo pa digiri yoyamba koma zinali za pa mayeso chabe.

Honours imasiyana ndi digiri yoyamba pa chinthu chimodzi chachikulu, kafukufuku. Ma module alipo inde, ine ndinachita za njira zofufuzira, mbiri ya maganizo a mu Geography, GIS (kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta) ndi zithunzi za satelaiti, komanso za kasamalidwe ka chilengedwe, ma asayimenti kutumiza pa intaneti pakati pa usiku bundle ikakhala yotchipa. Koma mtima wake ndi lipoti la kafukufuku wako wekha. Proposal yanga yoyamba ndinalemba kuti ndifufuza vuto la madzi ndi matenda mu Lusaka yense. Supavaiza wanga, mayi wodekha amene sindinakumanepo nawo maso ndi maso, anandibwezera ndi mafunso okhaokha m'mbali mwa pepala. Lusaka yense uti, madzi ati, uyeza chani, ndi chani, liti? Tinabwezerana mpaka funso linatsala kakang'ono: kachigawo kamodzi ka Kanyama, zitsime zosaya, kutalika kwake kuchokera pa chimbudzi ndi kuya kwa madzi, chilimwe ndi dzinja. Ndikuuzeni, luso lochepetsa funso mpaka likwane m'manja ndi limene ndimadyera mpaka lero, kuposa module ina iliyonse.

Usanagogode pa geti la munthu umayenera kupeza kaye chilolezo cha komiti ya ethics ku yunivesite, yoona kuti kafukufuku asalakwire anthu, kenako kuno ndinakaonekera kwa akuluakulu a ward ndi ma chairman a m'dera, chifukwa mlendo woyenda ndi foni kujambula zimbudzi za anthu, chaka chomwe zitsime zakwiriridwa, akhoza kuthamangitsidwa. Azakhali ndi amene ananditsegulira makomo. Amatsogola iwo atamanga chitenje, odi kuno, uyu ndi mwana wa achimwene anga, mphunzitsi, si wa khonsolo ayi, akungofuna kuona madzi. Anthu amayamba akana kuti chitsime kulibe, kenako akamasuka amasuntha lata lakale kapena chitseko chothyoka kuseri kwa nyumba, chitsime chili pompo. Sanali kubisa chifukwa cha mwano, madzi a pa kiosk ndi ogula ndipo mzere wake ndi wautali, banja la ana asanu lichapa ndi chani.

Zida zanga zinali zosavuta. Tepi yoyezera nditamangirira loko wakale kumapeto kuti izilemera, ndikaitsitsa ndimamvetsera kuti chubwi, nkuwerenga pa mlomo wa chitsime. Foni yokhala ndi fomu ya KoboToolbox yotenga GPS pompo, ina tepi yaitali yokokera kuchokera pa chitsime kufika pa chimbudzi chapafupi, nthawi zambiri chimakhala cha aneba kuseri kwa mpanda osati cha eni yadi. Mabotolo a ku labu mu cooler box ya ayezi, chifukwa sampulo ya tizilombo siyenera kugona, uyenera kuifikitsa tsiku lomwelo isanatenthe. Mu Okutobala tepi imatsika ndithu. Mu Febuluwale zitsime zina sindinafune ndi tepi yomwe, madzi umawagwira ndi dzanja utagwada, oyera mbee, ukuona nkhope yako. Agogo ena anatunga mu kapu nkundionetsa padzuwa, amvekere mwanangu taona wekha, madzi awa ali ndi vuto lanji? Ndinasowa poyambira. Malamulo a WHO amati mu 100 ml ya madzi akumwa musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi, ndipo nitrate, mchere wochokera ku zonyansa ndi feteleza, isapitirire 50 mg pa lita, koma zonse ziwirizi sizioneka ndi maso, sizinunkha. Zotsatira zitabwera ndinabwerera kwa agogowo ndi botolo la Clorin, mankhwala ophera tizilombo m'madzi akumwa, tinakhala pa mphasa ndikuwafotokozera, anandimvetsera mpaka kumapeto.

Kenako usiku pa laputopu, QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu yomwe aliyense angatsitse. Ndinaika madontho a zitsime a buluu, a zimbudzi ofiira, nkuzunguliza chimbudzi chilichonse ndi bwalo la mamita 30, mtunda womwe mabuku ambiri amalangiza. Mapu onse anafiira, panalibe malo ngakhale amodzi oti munthu angakumbe chitsime motsata lamulolo, ma plot ndi ang'onoang'ono. Ndipo ngakhale zitsime zomwe zinali patali pang'ono zina zinatuluka ndi tizilombo, chifukwa cha ming'alu ija. Ndinasindikiza mapuwo pa A3 mtauni nkupita nawo kwa azakhali. Anavala magalasi, anafufuza ndi chala mpaka anapeza nyumba yawo, anakhala chete kanthawi kenako anati, ndiye kuti ngakhale tisese bwanji. Ndinati eya azakhali, kusesa nkwabwino, kusamba m'manja nkofunika, koma pano pafunika mapaipi ndi zimbudzi zomangidwa zosadontha zomwe amazipopa zikadzaza. Sizinathe, mwaona nokha kolera ya 2023 mpaka 2024 inadwalitsa anthu opitirira 20,000 m'dziko muno nkupha opitirira 700.

Manje funso lomwe makolo amafunsa, ndipo ali ndi ufulu kufunsa poti fizi timalipira mu ma rand: ukamaliza ugwira kuti? Anthu amaganiza kuti Geography mathero ake ndi choko. Uphunzitsi ulipo ndipo sindiunyoza, unandidyetsa zaka zambiri ndipo mwana aliyense amene ndinamuphunzitsa kuwerenga contour ndimamunyadira. Koma njira ndi zambiri. Yaikulu masiku ano ndi GIS, munthu wodziwa kutenga deta yosokonekera nkuisandutsa mapu oti bwana apangirepo chiganizo amafunidwa ku makhonsolo, ku mabungwe a zaumoyo, kwa a madzi, ngakhale makampani a foni pofuna poika nsanja. Ina ndi ya EIA, kuunika mmene ntchito ikhudzire chilengedwe. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 limafuna kuti ntchito zazikulu, mgodi, msewu, fakitale, ziyambe zaunikidwa mmene zikhudzire chilengedwe ndi anthu, lipoti nkupita ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, nde makampani olemba malipoti amenewa amalemba anthu a Geography, makamaka ndi migodi ya ku North-Western monga Kansanshi ndi Lumwana. Kuli WARMA yoyang'anira madzi, yomwe kuyambira 2018 imafuna kuti ma borehole azilembetsedwa. Kuli DMMU ya ngozi zogwa mwadzidzidzi pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti. Kalembera wa 2022 yemwe anapeza kuti tilipo pafupifupi 19.6 miliyoni, owerenga asanatuluke ndi ma tablet panali anthu omwe anagawa dziko lonse m'tizigawo pa mapu kuti nyumba isadumphidwe kapena kuwerengedwa kawiri, imeneyo ndi ntchito yathu. Chilala cha 2024 chomwe a pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi ya dziko mu Febuluwale, chija chinachepetsa kwambiri madzi a mu Kariba nkutisiya mu mdima, anzanga ena anali pa kompyuta kuyang'ana zithunzi za satelaiti ya Sentinel-2, zaulere, zoonetsa zinthu zazing'ono mpaka mamita 10, kuti adziwe maboma omwe chimanga chapserera chisanafike ndi pokolola.

Koma ndisakunamizeni pa ziwiri. Honours ya Geography siikupanga kukhala surveyor woika ma beacon pa plot, imeneyo ndi geomatics ndipo ili ndi laisensi yake, komanso kuti uzitchedwa planner pali maphunziro ake ndi kulembetsa ku Zambia Institute of Planners. Chachiwiri ntchito zambiri zoyambira ndi za kontrakiti, miyezi ingapo projekiti yatha, umafunika mtima. Ndipo pepala lakunja uyenera kulipititsa ku ZAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, kuti alitsimikize, yambani msanga zimenezo musadikire advert.

Ine ntchito yanga yoyamba kunja kwa kalasi inali pa kakampani kena kakang'ono ka za chilengedwe. Pa intavyu satifiketi anangoiyang'ana kamodzi nkuiika pambali, chomwe anagwira ndi mapu a Kanyama aja ndinawatenga mu envelopu. Abwana ake, bambo wachikulire wa imvi, anandifunsa kuti ma coordinate ako ali mu chani, ndinati WGS 84, UTM zone 35 south. Anafunsanso, nanga ndikakupatsa mapu akale a boma a 1:50,000? Ndinati amenewo ali mu Arc 1950, mukawasanjika osasintha datum, maziko omwe ma coordinate amayezedwera, madontho amathawa ndi mamita mazana angapo, borehole ipezeka mu munda wa munthu wina. Anaseka nkuuza mnzawo kuti uyu wagwirako dothi. Sabata yotsatira anandiimbira foni ndili mu staff room ndikuchonga mapepala a Grade 11.

Kusiya ntchito ya boma yokhala ndi penshoni kupita pa kontrakiti sinali nkhani yaing'ono kwathu. Amai ku Katete atamva anakwera basi okha kubwera ku Lusaka osandiuza, ndinangolandira foni kuti ndili pa Intercity bwera unditenge. Zomwe tinakambirana usiku umenewo kwa azakhali, ndi ulendo wanga woyamba wa ku Solwezi, ndikuuzani mu gawo 10.