Relay yanga imangolira tche tche magetsi akangobwera

Kwathu kuno madzi amakonda kubwera usiku anthu atagona, ndiye ndinatopa kudzuka kukayatsa pampu yodzaza thanki. Ndinatenga kabodi ka NodeMCU, kakompyuta kakang'ono ka WiFi kokhala ndi chip ya ESP8266, ndi relay module ya mbali ziwiri (relay ndi switch yomwe kabodi kamatha kuyatsa ndi kuzimitsa), mbali imodzi pampu inayo babu lapanja, kuti ndizingodina pafoni ndili pabedi. Patebulo ndi chingwe cha USB zimayenda bwino bwino. Nditazipachika pakhoma mavuto anayamba.

Magetsi akathima n'kubweranso, relay yababu imalira tche tche kangapo, babu kuphethira, ndipo masiku ena kabodiko sikamadzuka n'komwe, pa WiFi osaoneka. Poyamba ndimaganiza kuti ndagula chakufa, ndinafika pogula china koma nacho chimodzimodzi.

Vuto linali ma pin omwe ndinasankha, timiyendo ta kabodi tolumikizapo mawaya. Babu ndinaliika pa D4, pampu pa D8, chifukwa choti anali pafupi ndi pomwe mawaya amatulukira basi. Koma ESP8266 ikamadzuka imayamba yayang'ana ma pin atatu kuti idziwe chochita, GPIO0 yomwe ndi D3 ndi GPIO2 yomwe ndi D4 ziyenera kukhala HIGH, kutanthauza 3.3V, pomwe GPIO15 yomwe ndi D8 iyenera kukhala LOW, kutanthauza 0V. Tsono ma module ambiri otchipawa ndi active LOW, kutanthauza kuti relay imagwira ikalandira LOW, ndipo waya wa IN wolandira signal amakhala wokokeredwa m'mwamba kudzera mu LED ndi optocoupler, kachipangizo kodutsitsa signal ndi kuwala osati ndi waya, ndiye module ija imakoka D8 m'mwamba nthawi yeniyeni yomwe chip ikufuna kuona LOW, chip n'kusochera osawerenganso pulogalamu yanga. D4 nayo imagwedezeka podzuka code isanayambe, ndiye kulira kuja. Palibe mzere wa code womwe ungaletse zimenezo chifukwa nthawi imeneyo code yako ikadali mtulo.

Ndinasamutsa mawaya onse awiri kupita pa D1 ndi D2, omwe ndi GPIO5 ndi GPIO4, amenewa sasokoneza podzuka. Ndinaikanso resistor ya 10k kuchokera pa pin iliyonse kupita pa 3.3V kuti isamangoyandama pomwe chip sinayambe kulamula, ndipo mu setup, gawo la code loyamba kuyenda, ndimayamba ndalemba digitalWrite HIGH kenako pinMode OUTPUT, osati mosinthanitsa, apo ayi relay imagunda kamodzi.

Kulira kunatha koma panatsala china chomwe chinandidyera masabata awiri. Pampu ikangoyamba, kabodi kamazima n'kudzukanso, pampu nayo n'kuzima. Usiku wina ndinakhala pansi pa thankiyo ndi tochi mkamwa, multimeter ili pa 5V, mayi akunyumba akudina foni ali pakhomo, ndikuona nambala ikutsika relay ikangogwira. Chaja chafoni chomwe ndimagwiritsa ntchito chinali chofooka. Koilo ya relay imodzi yamtundu wa SRD-05VDC imadya pafupifupi 70mA, ziwiri ndi 140mA, kuonjezera WiFi yomwe ikamatumiza imakoka mwadzidzidzi, zonse pa kawaya kamodzi kowonda. Pin ya ESP8266 payokha imangopereka 12mA, ndiye amene mumalumikiza koilo molunjika pa pin chonde siyani, pamafunika transistor ndi diode ngati 1N4007 yotchinga moto wobwerera koilo ikazima.

Pa module pali kajampa kolembedwa JD-VCC, kolumikiza pin ya moto wa makoilo ndi VCC ya mbali ya signal, komwe anthu ambiri sitikakhudza. Ndinakachotsa, JD-VCC n'kuipatsa 5V yakeyake kuchokera pa adaputa ina, VCC n'kuitenga pa 3.3V ya kabodi, GND za mbali ziwirizi, mawaya a 0V, osaziphatikiza, apa ndi pomwe optocoupler imagwiradi ntchito yomwe anaiikira, yolekanitsa mbali ziwirizi. Pafupi ndi kabodi ndinamatapo capacitor ya 470µF yosungira moto kuti usamatsike mwadzidzidzi, mawaya a 230V n'kuwapatula kutali ndi tiwaya ta signal poti poyamba ndinaziunjika mu paipi imodzi.

Za pampu ndinene motsindika, motor poyamba imakoka moto wochuluka kuposa wolembedwa, ndipo 10A yomwe yalembedwa pa karelay kabuluu ija musaikhulupirire pa motor, ma contact amapsa n'kumatirira, pampu osazimanso. Panopa karelay kamangoyatsa contactor, switch yamphamvu yopangidwira ma motor, contactor ndi yomwe imanyamula pampu, ndipo mbali ya 230V anandimangira ndi munthu wodziwa zamagetsi. Dzulo magetsi anathima katatu, ulendo wachitatu ndinali panja pomwepo ndikumvetsera, babu silinaphethire.